Mapointi Khumi a Mwana wa a Makwinja

A Ephraim Makwinja choko anachisiya ku Chiradzulu, koma uphunzitsi anakwera nawo ndege. Anaphunzitsa Sitandade 8 zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo atafika ku England motsatira akazi awo a Chrissie, omwe anapeza ntchito ya unamwino pachipatala china mu Leicester, anaona kuti dziko lonse la Angerezi linali kalasi imodzi yaikulu ya ana osakhoza. Ntchito imene anapeza inali yosamalira okalamba panyumba ina ku Oadby: kuwasambitsa, kuwamwetsa phala, kuwatembenuza pabedi. Ankaigwira bwino, apa tisawanamizire. Koma nthawi yopuma ikangokwana ankavula magolovesi, n'kukhala pafupi ndi ketulo, n'kuyamba phunziro la tsikulo, lomwe linali limodzi lomwelo chaka chonse, lakuti sukulu za kuno n'zamasanje.

Wophunzira wawo wokhulupirika, osati mwa kufuna kwake, anali Lackson, Mzambiya wa ku Chipata amene ankagwira naye shifiti imodzi ndipo analibe kothawira. Lackson anali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu, Angel, wobadwira konkuno. A Makwinja anamuonapo kawiri kokha mwanayo, koma ndiye ankasenza machimo onse a maphunziro a ku England.

"Nanga sabata ino akumuphunzitsa chiyani wanu uja?" ankafunsa choncho akutakasa tiyi.

"Ati va ma Viking, ba ticha," anayankha Lackson tsiku lina m'Chinyanja cha kwawo. "Mailo anabwela na chisote cha katoni, chili na nyanga ziwili."

"Nyanga! Zaka eyiti, nyanga! Kwathu mwana wa zaka eyiti amakutchulira mitundu itatu ya dothi. Amadziwa zizindikiro za chitopa. Maboma amawalakatula kuyambira Chitipa mpaka Nsanje osapuma."

"Manje kuno nkhuku tilibe, ba ticha."

"Nkhani si nkhuku, a Lackson. Nkhani ndi mutu."

Anali ndi kope lachikuto chofiira, ndipo tsamba lililonse analigawa pakati ndi rula. Kumanzere analemba Malawi, kumanja England, m'mphepete zaka za mwana. Mbali ya kumanzere ankaidzaza kuchokera m'mutu mwawo, ya kumanja kuchokera ku zimene Lackson wanena ali ndi buledi m'kamwa. Zaka zinayi, mwana wa kuno amapita kusukulu kukasewera ndi mchenga ndi madzi, zimene wa kwathu amachita kuseri kwa nyumba popanda yunifolomu. Zaka zisanu ndi ziwiri, amakhala pamkeka n'kumauza mphunzitsi mmene mtima wake ukumvera. Akafika zaka khumi ndi chimodzi amamupatsa kalikuleta, kuti ubongo upume. Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti mwana wa kuno amatsekera teremu osadziwa kuti wakhala nambala chani. Kwa a Makwinja sukulu yopanda nambala wani ndi nambala yotsiriza inali malo ongosungirako ana makolo akapita kuntchito.

Umboni wamoyo wa mbali ya kumanzere unali Atuweni, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anatsala ku Malawi pasukulu yogonera komweko podikira mapepala. Mtsikanayu analemba mayeso a Sitandade 8 katatu. Musaganize kuti ankalephera. Anakhoza katatu konse. Ulendo woyamba, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anasankhidwa kupita kusekondale yoyendera ya m'dera lomwelo, ija labotale yake imajambulidwa pabolodi. A Makwinja anati mwana wa mphunzitsi wa Sitandade 8 sangapite kumene kumapita ana a anthu ogulitsa zitumbuwa, abwereze. Ulendo wachiwiri anasankhidwa kusekondale ya paboma, yabwinoko ndithu koma yoyenderabe. Anati tayandikira, abwerezenso. A Chrissie analira, anakalipa, ananyanyala sabata yathunthu, koma bambowo anali mphunzitsi wa kalasi yomweyo ndipo mayina a olemba mayeso ankatumiza ndi iwowo. Kachitatu dzina linatuluka pasukulu ya atsikana yogonera, ija amalimbirana dziko lonse, ndipo a Makwinja anapha mbuzi. Tsiku limene Atuweni ankakalowa Fomu 1, anzake amene anayamba nawo sukulu anali kuyamba Fomu 3.

Mapepala anatuluka atangomaliza Fomu 1 yoyo. Anafika ku Wigston, kumene makolo ake ankakhala, kumapeto kwa Ogasiti ali ndi zaka khumi ndi zisanu, wamtali kuposa mayi ake, wolankhula motsitsa mawu. Anamupezera malo pasekondale ina chapafupi, ndipo tsiku loyamba anamupatsa kandime koti awerenge ndi mafunso ochepa, kungofuna kuona ngati Chingerezi amachimva. Mawa lake kunabwera kalata yonena kuti alowa Year 11.

A Makwinja anapita nayo kalatayo kuntchito.

"Year 11 ndiye iti?" a Makwinja anamufunsa Lackson, ngakhale kufunsa sikunali chizolowezi chawo.

"Ndiye yosiliza iyo. Ndiye yamene balemba GCSE, mu Meyi."

"Yolemba mayeso otulukira?"

"Ehe."

A Makwinja anaika kapu pansi mwaulemu, ngati munthu amene wamva uthenga waukulu. Kalasi yolemba mayeso otulukira ndiye Fomu 4. Mwana wawo wachoka Fomu 1 n'kukatera Fomu 4. Angerezi amupatsa mafunso mphindi makumi awiri, aona zimene zili m'mutu mwake, achita mantha, n'kumulumphitsa makalasi awiri. Masana omwewo anatumiza uthenga wamawu wa mphindi zisanu ndi ziwiri pagulu la WhatsApp la abale kumudzi, ndipo mphindi zinayi mwa izo zinali za ubwino wobwereza Sitandade 8. Kwa akazi awo anangoti, "Mayi a Atu, paja munkalira." A Chrissie, amene anali atangochoka kuimirira maola khumi ndi awiri, anavula nsapato n'kunena kuti Mulungu ndi wabwino.

Atuweni anayamba kukwera basi m'mawa uliwonse atavala jekete lakuda la sukulu ndi tayi. Mabuku amene ankabwera nawo anali olemera. Munali sewero la Chingerezi chakalekale, chimene ngakhale eni ake amachiwerenga chala chili pamunsi pa tsamba pamene pali matanthauzo. Munali ndakatulo khumi ndi zisanu zoti azidziwe n'kumazifananiza ziwiriziwiri. Sayansi ankafunsa za zinthu zimene anzake anazisakaniza ndi manja awo chaka chatha, iye ali ku Malawi akukopera manotsi a ziwalo za duwa. Mtsikanayu sanali mbuli. Chimene wauzidwa ankachisunga m'mutu osataya ngakhale mpumiro, ndipo kusukulu kwake kuja chimenecho chinkakwanira. Kuno mphunzitsi ankamuyang'ana n'kumufunsa kuti iyeyo akuganiza bwanji, ndipo Atuweni ankasowa poyambira, pakuti chiyambire sukulu maganizo ake ankawapeza atalembedwa kale pabolodi. Maphunziro a mayesowo anali a zaka ziwiri, ndipo iye anawapeza atadutsa theka.

Anayesa kunena kamodzi, Loweruka lina bambo ake akusita malaya.

"Adadi, zambiri zimene akuphunzitsazi anayamba chaka chatha, ine kulibe."

"Chaka chatha iwowo ankaphunzira zimene iwe unamaliza mu Sitandade 7. Usamaope khungu."

"Masamu ake ndi ena, adadi."

"Masamu ndi amodzi dziko lonse lapansi. Bweretsa tione."

Anabweretsa. A Makwinja anatsegula pakati, anapeza chozungulira chodzaza mizere ndi zilembo, anachiyang'ana kanthawi, n'kutseka bukulo. Anati Angerezi amalemba tizilembo ting'onoting'ono dala kuti makolo asaone kuti mulibe kanthu. Anabwerera kumalaya awo, ndipo Atuweni sanayambitsenso nkhaniyo. Zaka zitatu m'kalasi ya bambo ake zinamuphunzitsa bwino nthawi yotseka pakamwa.

Mu Novembala analemba mayeso oyeserera, ndipo zotsatira zinabwera sabata yoyamba ya Disembala. Atuweni anasiya envulopuyo patebulo n'kukwera kuchipinda kwake. A Makwinja anaitsegula ali chiimire, jekete la kuntchito asanavule. Masamu 2. Chingerezi 2. Mabuku a Chingerezi 1. Sayansi 1 ndi 2. Mbiri 2. Pamunsi panali tizilembo tofotokoza, koma iwo anali munthu amene anachongapo mayeso a boma, ndipo malangizo amawerenga ndi ana. Aliyense amene analembapo MSCE amadziwa kuti wani ndi thuu ndi kukhoza kwapamwamba, naini ndi kulakwa, ndipo umaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi kuti upeze mapointi. Anaphatikiza m'mutu, anaphatikizanso papepala. Mapointi khumi. Iwowo m'nthawi yawo anapeza makumi atatu ndi awiri, nambala imene sinalowepo m'kope lofiira lija.

Anakuwa mpaka galu wa a neba anayankha. A Chrissie anatuluka m'khitchini, anayang'ana pepalalo, nawonso anaphatikiza monga anaphunzitsidwira kwawo, ndipo nkhope yawo inawala. Kenako anayang'ana masitepe.

"Nanga mwiniwakeyo bwanji sakusekerera, bambo a Atu?"

"Kudzichepetsa. Watengera ine."

Lamlungu masana Amalawi ankapemphera muholo ina yobwereka mu Leicester, pamene mpingo wa eni ake watuluka. Itakwana nthawi ya maumboni a Makwinja anaimirira ndi suti yawo yotuwa, pepala lili m'manja. Anayamba ndi Mulungu, monga mwa mwambo, koma sanachedwe naye. Anafotokoza za Sitandade 8 katatu, za kulumpha makalasi, ndipo anawerenga magirediwo limodzi limodzi, akumapuma pambuyo pa lililonse kuti anthu amve kukoma. Anamuimiritsa Atuweni kuti mpingo umuone. Mtsikanayo anaimirira maso ali pansi, manja atagwira msana wa mpando wa kutsogolo.

M'holomo munali makolo osachepera khumi amene ana awo analembapo GCSE. Anayang'anizana. Mmodzi anakhosomola. Mayi Margret, amene ankagwira ntchito yochapa m'nyumba ya okalamba ku Loughborough ndipo ana awo awiri anali atadutsa kale mayeso amenewa, anakweza dzanja pang'ono.

"Pepani aphunzitsi, paja kunotu amawerenga mosiyana ndi..."

"Mayi, zikomo," anawadula a Makwinja akumwetulira. "Za mapointi tisiyireni ife amene tinafika Fomu 4."

Mayi Margret anatsitsa dzanja, n'kuliphatikiza ndi linzake, n'kuyamba kuwomba m'manja. Mpingo wonse unatsatira, ndipo panamveka ngakhale nthungululu. Ndiwo ulemu wathu umenewo. Munthu wamkulu sitimuwongola pagulu, timamusiya amalize, kenako timakamuwongolera m'galimoto iye kulibe. Tsiku limenelo magalimoto anachedwa kunyamuka pamalo oimikapo, ndipo pofika Lolemba nkhaniyo inali itafika ku Nottingham. Kunyumba ya a Makwinja kokha ndiko sinafike.

Lachiwiri kusukulu kunachokera uthenga wopempha kuti kholo libwere Lachisanu masana, kudzakambirana za zotsatira za Atuweni. A Chrissie anali pa shifiti tsiku limenelo. A Makwinja anati palibe vuto, zoterezi n'za aphunzitsi okhaokha. Anasinthana tsiku ndi Lackson, anapolisha nsapato, ndipo m'chikwama anaikamo kope lofiira ndi masatifiketi atatu a Sitandade 8 a Atuweni. Anali ndi chikhulupiriro kuti akawapempha kuti alankhule ndi aphunzitsi onse, ndipo anali atakonza kale mitu isanu.

Anawalandira mayi Sumera, mphunzitsi woyang'anira Year 11, mayi wamfupi wovala mpango kumutu, wa nkhope ya munthu amene waona makolo a mitundu yonse. Kaofesi kake kanali kothina. Atuweni anali atakhala kale pampando wa pakona, chikwama chili pamiyendo. Zokambiranazo zinali m'Chingerezi, ndipo a Makwinja anatulutsa chawo chapaukwati, chija cha mawu ataliatali.

Anayamba ndi kuthokoza sukuluyo chifukwa chozindikira luso. Anati si sukulu zonse zimene zingavomere kuti mwana wochokera ku Afirika waposa ana awo. Anati iwo, monga mphunzitsi mnzawo, ali okonzeka kuthandiza pamene pakuperewera. Anatsegula kope lofiira patsamba la zaka khumi ndi chimodzi.

Mayi Sumera anamvetsera mpaka pamene a Makwinja anapumira mpweya. Kenako anayang'ana Atuweni, n'kuyang'ananso bamboyo.

"Bambo Makwinja, magirediwa mwawamva bwanji?"

"Mapointi khumi. Kwathu ameneyu akanatchulidwa pawailesi."

Mayiyo anatenga pepala la zotsatira, analitembenuzira kwa iwo, n'kuika chala pa tizilembo tija ta pamunsi. Analankhula pang'onopang'ono, mosanyoza, ndipo kusanyozako ndiko kunapweteka kwambiri. Kuno naini ndiye pamwamba. Folo ndiye kukhoza kongodutsa. Thuu ndi wani zili pansi penipeni, ndipo pansi pa wani palibenso giredi. Atuweni sanakhoze phunziro ngakhale limodzi.

A Makwinja anamva kutentha m'makutu. Chinthu choyamba chimene chinabwera m'mutu mwawo sichinali mwana wawo ayi. Anaona dzanja la mayi Margret likutsika, anamva nthungululu ija, ndipo thukuta linayamba kuyenderera m'khwapa mwa suti yotuwa.

"Anakulolani ndani kutembenuza manambala?" anafunsa a Makwinja. "Dziko lonse lapansi wani ndiye woyamba. Ngakhale pampikisano wothamanga."

"Ndikumvetsa. Makolo ena amasokonezeka nazo."

"Ndiye ngati sakukhoza, munamulumphitsiranji makalasi awiri?"

"Sitinamulumphitse. Kuno mwana amalowa kalasi malinga ndi tsiku limene anabadwa. Wa zaka fifitini amakhala Year 11, kaya wachokera kuti, kaya akudziwa chiyani."

A Makwinja anatseka kope lofiira lija. Kunja ana ankathamangira mabasi, akuphokosera monga amachitira ana amene sakudziwa mitundu ya dothi.

Mayi Sumera anapitiriza. Anati Atuweni ndi mwana wakhama kwambiri, aphunzitsi onse akumuyamikira, ndipo pa miyezi itatu wachita zimene ena sakanatha. Vuto ndi lakuti pali zinthu za zaka ziwiri kapena zitatu zimene sanaziphunzirepo n'komwe. Anati anayang'ana zimene amaphunzitsa ku Malawi, ndipo mwana wa msinkhu wake kumeneko amakhala atadutsa zambiri mwa zimenezi, masamu ndi sayansi makamaka. Ndiye chinachitika n'chiyani? Anadwala? Anasiyapo sukulu?

A Makwinja anatulutsa masatifiketi atatu aja. M'mawa anawaika m'chikwama ngati mamendulo, koma tsopano dzanja linkalemera powayala patebulo. Mayi Sumera anatenga imodzi n'kubweza awiriwo.

"Imodzi yakwana, mafotokope enawo sungani."

"Si mafotokope," anatero Atuweni. Aka kanali koyamba kulankhula. "Onani zaka zake."

Mayiyo anaona. Anayala atatuwo motsatana, anawerenga, anawerenganso.

"Anakhoza ulendo woyamba?"

"Anakhoza," anayankha a Makwinja, "koma sukulu imene anasankhidwira sinali yoyenera."

"Ndiye anakhala m'kalasi imodzi zaka zitatu, akuphunzira zomwezomwezo?"

"Kumakhala kukhwimitsa maziko."

Mayi Sumera anasonkhanitsa masatifiketiwo bwinobwino n'kuwabwezera kwa mwini wake, osati bamboyo koma mtsikanayo. Kenako anatsegula diroo n'kutulutsa fomu. Anati nkhani imene anawaitanira ndi imeneyi. Kuno sabweza mwana kalasi, ndipo iwo pa zaka zawo zonse anaziona kawiri kokha. Koma analankhula ndi mkulu wa sukulu, ndipo chifukwa cha mmene Atuweni anabwerera, avomera kuti Januwale atsike apite Year 10. Akatero adzakhala ndi chaka china chathunthu ndi theka asanalembe, ndipo aphunzitsi akukhulupirira kuti akhoza bwino, mwina bwino kwambiri. Akapanda kutero alemba Meyi yemweyu. Mwina angadutse phunziro limodzi kapena awiri, masamu ndi Chingerezi n'kudzalembanso ku koleji, koma njira ya unamwino imene iye amaitchula idzatalika, ndipo ena amatopera panjira.

Moyo unabwerera mwa a Makwinja ngati mbewu yothiriridwa. Apa ndiye panali pawo. Angerezi, atazungulirazungulira ndi nyanga zawo za makatoni, afika pa mankhwala amene iwo anawadziwa kalekale.

"Abwereza!" anatero akusolola cholembera m'thumba la jekete. "Zimenezo ndiye ndimanena ine. Palibe chokambirana, abwereza."

"Ndikufunsa Atuweni," anatero mayi Sumera. "Ali ndi zaka pafupifupi sikisitini. Mkulu wa sukulu wanenetsa kuti popanda iye kuvomera, sizichitika."

A Makwinja anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wamkulu amene akulolera mwambo wachilendo. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kulankhula m'Chichewa.

"Wamva. Yankha kuti inde tizipita."

Atuweni anayang'ana fomuyo. Atadzutsa mutu anayankha mayi Sumera m'Chingerezi, mawu awiri okha aulemu, okana.

"Iwe, wamva zimene akunenazi?" Mawu a bambo ake anakwera. "Akukupatsa mwayi!"

"Ndamva, adadi."

"Ndiye ukukana chiyani? Ukalemba Meyi ulephera!"

"Mwina ndilephera."

"Nanga tsono?"

Mtsikanayo sanakweze mawu. Analankhula monga ankalankhulira nthawi zonse, motsitsa, ndipo mayi Sumera, amene sankamva liwu ndi limodzi lomwe, anaika cholembera chake pansi.

"Adadi, ndinabwereza nditakhoza. Ndinabwerezanso nditakhoza. Ana amene ndinkawaimbitsa nyimbo pa asembule anandipeza m'kalasi, ena anandipitirira. Munkandiimiritsa kutsogolo kuti ndiwaonetse mayankho, iwo akundiseka kuti ndine agogo a Sitandade 8. Simunandifunsepo. Lamlungu munandiimiritsanso, anthu onse aja akudziwa, ine ndikudziwa. Anzanga amene ndinayamba nawo Sitandade 1 akulemba Fomu 4 chaka chikubwerachi. Inenso ndilemba chaka chomwecho. Ndikalephera ndilephere ndi a msinkhu wanga. Sindikhalanso ndi ana."

"Atu, mwanangu, pano n'zosiyana. Ulendo uno n'zoona."

"Ulendo uliwonse munkati n'zoona."

Chowawa chake n'chakuti ulendo uno a Makwinja ankanenadi zoona. Pa zaka zonse zimene analalikira za kubwereza, lero lokha ndi limene mwana akanapindula nako, ndipo iwo ankadziwa, mayi Sumera ankadziwa, mwinanso Atuweni yemweyo ankadziwa. Anafunafuna mawu ena oti anene, koma onse amene anawapeza anali atawagwiritsa kale ntchito kawiri ku Chiradzulu. Anachita mantha, mantha enieni, osati a mayi Margret ndi nthungululu zawo, koma a mwana wawo ataimirira pakhomo la holo ya mayeso mu Meyi ndi zinthu zimene palibe anamuphunzitsa.

Anatembenukira kwa mayi Sumera, Chingerezi chapaukwati chija chitawathera.

"Chonde, mayi. Muuzeni inuyo. Inu akumverani."

"Ndamuuza kale maganizo anga, kawiri," anatero mayiyo. "Ndikuona ngati atsike. Koma sindingamukakamize, ndipo inunso simungathe. Fomuyi ikufunika isanafike tsiku lotsekera, Lachisanu likubwerali."

Anaikankhira pakati pa tebulo. Pamunsi panali mizere iwiri, wapamwamba wa wophunzira, wapansi wa kholo. A Makwinja anaikokera kwa iwo n'kusaina pamzere wawo, siginecha yaikulu yokhotakhota ija inkatsekera malipoti a ana mazanamazana. Kenako anatembenuza fomuyo, n'kupereka cholembera kwa mwana wawo, ndi manja awiri, monga amaperekera mwana kwa wamkulu.

Atuweni anaimirira, anakoleka chikwama paphewa, anathokoza mayi Sumera, n'kuuza bambo ake kuti akawadikira pamalo okwerera basi. Anatseka chitseko mosamenyetsa. A Makwinja anatsala atakhala pampando, manja awiri ali m'mwamba ndi cholembera, mpaka mayi Sumera anawafunsa mofatsa ngati angafune madzi akumwa.